Kuzungulira Damu, Nkhuku Ili M'khwapa

Lolemba

Nzeru yandibwerera lero ndikusenda mbatatesi. Loweruka tikazungulira damu.

Pafoni ndikuona anthu a ku Lilongwe. Amathira mafuta m'galimoto, kubwera kuno ku Dedza kwathu, kudzangoyenda m'mapiri! Botolo la madzi m'manja, kachipewa, mano onse pamtunda. Ati dzina lake ndi haikingi. Ife damu tili nalo pompano kuseri kwa mapaini, njira yake yosalala ngati bwalo la netiboli, yozungulira madzi onse n'kudzatulukira pomwe wayambira. Palibe chitunda, palibe mwala. Ngakhale mwana wa ku mkaka atha. Ndiye tizidikira alendo kuti adzatiuze kuti kwathu n'kokongola?

Opita: ine, amayi, achemwali anga a Enelesi amene abwera kutchuthi, ndi ana awo awiri. Basi.

Zotenga: madzi, mandasi, foni yojambulira.

Ndawauza amayi. Ati, "Tikupita kwa yani?" Kwa aliyense ayi. "Kuli maliro?" Ayi. "Nanga tikukatenga chiyani, nkhuni?" Palibe chotenga, amayi, tingozungulira n'kubwerera kunyumba. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenako andigwira pachipumi kuona ngati ndi malungo. "Munthu wa Fomu Folo kumazungulira ngati mbuzi ya pachingwe?"

Chabwino. Pano ndinene zoona, poti buku silipita kuchitsime kukachita miseche. Njirayo ikafika tsidya lija imadutsa pakhomo penipeni pa Tamanda.

Tamanda. Msuweni wanga, mwana wa amalume. Tinakulira pa mphasa imodzi. Chaka chatha pokwatiwa anandiika pa gulu la operekeza mkwati. Masabata onse aja ndikuphunzira masitepe m'fumbi, diresi nditayesa kale kwa telala. Ukwati utayandikira, pamaso pa gulu lonse, iye n'kuzimitsa wailesi n'kunena kuti, "Asuweni, inu mukhale kaye pambali. Mumaponda ngati mukukumba mbatatesi." Anthu kuseka mpaka kugwirana mapewa! Malo anga anapatsa mlamu wake, mtsikana wouma m'chiuno ngati mtengo wa bulugamu. Ine ukwati ndinaudyera kuseri, ndikukwecha mapoto. Chiyambire tsiku limenelo sindinamulankhulepo, ndipo pepani wake sindinamumvepo.

Ndiye Loweruka ndidutsa pakhomo pake nditavala nsapato zoyera, ndikuseka ndi abale anga, khosi nditaliwongola, maso ali kumadzi. Moni ayi. Aone mmene wokumba mbatatesi amapondera.

Lachiwiri

Ku boma kukagula nsapato pa kaunjika. Che Jafali andisankhira zoyera mbee. Ati mwini wake woyamba anali mzungu wodwala miyendo, sizinapondepo pansi. Bodza, koma zandikwana. Ati, "Mukukathamanga mpikisano, achemwali?" Ndati ndikukazungulira damu. "Mwatayako chiyani?"

Nawonso!

Ndafika kunyumba, ndapeza amayi maso ali ofiira koma akumwetulira. Andikumbatira. Amayi anga sakumbatira munthu. Tsiku limene ndinakhoza mayeso anangoti, "Wachita bwino, takatunga madzi."

Ati akhala akuganiza chiyambire dzulo, ndipo tsopano amvetsa. "Tsidya la damu kuli chiyani? Mapaini, ng'ombe za eni ake, ndi nyumba ya Tamanda. Mapaini sunayambane nawo. Ng'ombe sunayambane nazo."

Mayo ine!

Akuganiza kuti ndikupita kukapepesa!

Ndakana mpaka mawu kusasa. Ndalumbira. Ndawaonetsa zithunzi za anthu a ku Lilongwe aja. Ayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Nawonsotu akuoneka kuti ali ndi kumene akupita." Kenako andisisita pamsana: "Usachite manyazi, mwanawe. Sindiuza munthu."

Achemwali ali pakhonde akuseka mpaka misozi. Iwo andizindikira kale, anandibereka kumsana. Koma kundithandiza? "Iwe ndi amene umafuna haikingi."

"Sindiuza munthu" wa amayi ndimamudziwa. Pomwe ndikulemba pano ali pampanda ndi a Nabanda oyandikana nafe, mitu ili pamodzi.

Lachitatu

Amalume a Ngozo, bambo ake a Tamanda, afika m'mawa atavala jekete. Lachitatu! Jekete limeneli limatuluka pa maliro ndi pa chinkhoswe pokha.

Iwo pampando, ine pansi. Ati, "Mwana wa mlongo wanga, wandizula munga. Chaka chathunthu ndakhala ndikugona ngati ndagonera chitsa."

Ndayesa kufotokoza mwaulemu. Amalume, ndi haikingi chabe, kuyenda kolimbitsa thupi. Agwedeza mutu: "Eya, kolimbitsa ubale. Dzina lililonse limene ana asukulu mwalipatsa, ife tikuti zikomo."

Ati mwana sapita yekha kokapepesa, pamafunika wamkulu womuyankhulira. Wamkuluyo ndi iwowo. Mawu akonza kale, ndipo afuna ndiwamve. Ayambira pa agogo a agogo athu, mmene anachokera kum'mwera ndi ng'ombe zawo. Tiyi wazizira, dzuwa lakwera, mwendo wanga wachita dzanzi, agogowo asanawoloke n'komwe mtsinje woyamba.

Opita tsopano: ine, amayi, achemwali, ana awiri, amalume, akazi awo, ndi a Nabanda. A Nabanda ati akupita ngati mboni. Mboni ya chiyani?

Madzulo ndaganiza zosintha. Tiyambire mbali inayo. Ndajambula damu pansi ndi kamtengo. Kuyambira kumanja, nyumba ya Tamanda ilipo. Kuyambira kumanzere, ilipobe. Anayambitsa njira yozungulira ndani? Ndati mwina tingofika theka n'kubwerera. Achemwali aponda chithunzi changa ndi chala cha kuphazi: "Theka lake ndi pakhomo pa Tamanda pomwepo."

Nsapato ndazibisa pansi pa bedi. Zikuwala ngakhale mumdima, zosalakwa.

Lachinayi

Lero ndi tsiku la amayi a kumpingo. Amayi abwerako nkhope ili waliwali. Andipempherera. Potchula dzina! Mayi abusa ati atsikana onse atengere chitsanzo changa. Ine! Amene mwezi wathawu ankati lilime langa ndi lumo.

Kuchigayo mayi wina wosamudziwa n'komwe wandigwira dzanja, osalisiya. "Kuvomera kulakwa n'kovuta, mwanawe, koma wachita bwino." Kulakwa kwake kuti?

Ndafufuza. Nkhani yanenepa m'njira. Ena akuti ndinatukwana mkwati. Ena akuti ndinathira dala mchere wambiri mu mpunga wa ukwati. Wina akuti ndinkafuna mkwatiyo wamwamuna. Munthu wa makutu ngati mapiko a ndege uja? Ndisekeni bwino! Za mbatatesi zija palibe ngakhale mmodzi akuzikumbuka, pomwe onsewa analipo ndipo anaseka.

Ndiye madzulo ano, chimake. Akazi a amalume abwera ndi uthenga wochokera tsidya. Ndiulembe momwe ulili kuti ndisadzauiwale mpaka kumanda:

"Muwauze asuweni abwere momasuka. Ine ndinawakhululukira kalekale."

ANANDIKHULULUKIRA.

Iyeyo. Kukhululukira ine.

Ndatuluka panja osaona kumene ndikupita, ndazungulira nkhokwe mpaka chizungulire kundigwira. Achemwali pawindo: "Wayamba kale haikingi?"

Zimene Tamanda ayenera kupepesa:
mbatatesi zija
diresi lija, lili m'sutikesi, silinaonepo dzuwa
mapoto
zikhadabo zanga zimene zinathera m'mapotomo
kukhululuka kumeneku, makamaka kukhululuka kumeneku!

Lachisanu

Ndadzuka ndikudwala. Mutu, m'mimba, msana, ndi bondo lakumanzere kuti zikwanire. Amayi ati, "Ndi Satana ameneyo, wadziwa kuti mawa agonja." Awiritsa masamba a bulugamu, andikhazika pamphikapo, andifunditsa mabulangete onse a m'nyumba muno. Ndachira msanga. Kupanda kutero ndikanapsa.

Masana nkhungu yatsika m'phiri, kamvula ka chiperoni kayamba kuwaza. Ndaima pakhomo ndikuthokoza Mulungu, ndati igwe, igwe ndithu! Amalume atumiza mawu: "Mvula pa ulendo wa mtendere ndi madalitso. Tinyamuka m'mawa."

Zotenga zanga zinali madzi ndi mandasi. Taonani pakhonde tsopano: ufa m'beseni, kabichi, shuga, dengu la mbatatesi (MBATATESI, kupita nazo kwa Tamanda!), ndi nkhuku yathu yakuda ija yomangidwa miyendo ndi luzi. Ati nkhuku amanyamula ndi wopepesa. M'khwapa.

Buluku langa la haikingi lasowa. Amayi ati sakudziwa, koma "kwa apongozi a eni ake munthu supita miyendo ili ngati mphanda." Chitenje.

Koma sindinagonje. Ndakumbuka chinthu. Usanafike kwa Tamanda njira imagawikana. Yaikulu imakwera kudutsa pabwalo pake. Pali kena kakang'ono ka ng'ombe kotsata m'mphepete mwa madzi, kuseri kwa bango, kokatulukira kutsogolo. Wotsogolera ulendo ndine. Ndikhotera kumunsi mwaliwiro, ndikalowa m'bangomo, akamazindikira ine ndadutsa kale. Akakhale iwowo pamipando, apepese okha.

Nkhuku ikundiyang'ana ndi diso limodzi ngati yamva.

Loweruka

Ndilemba pang'onopang'ono.

Tanyamuka nkhungu isanachoke. Pofika pa mapaini ndacheuka. Anthu! Amayi a kumpingo ali mu yunifolomu, ayambitsa nyimbo. Ena angolowa pamzere poganiza kuti ndi maliro. Bambo wina wa kabaza watsika panjinga, wavula chipewa, waima pambali mpaka tadutsa.

Damu lenilenilo n'lokongola, ndisaname. Madzi ali phee, nkhungu ikufuka pamwamba pake, abakha a m'madzi akusambira pamzere, phiri likudziyang'ana m'madzimo chadodolido. Ndati ndijambule. Dzanja limodzi lili ndi nkhuku, linalo likugwira chitenje. Chatuluka ndi mlomo wa nkhuku ndi khutu la amalume.

Njira ndi yosavutadi. Ana akuthamanga kutsogolo, mandasi atha kale. Koma pomwe a ku Lilongwe amangoyenda osaima, ife taima pa dimba lililonse kupereka moni ndi kufotokoza. A Nabanda: "Tikuperekeza mwanayu, akukapepesa." Eni dimba, atatsamira khasu: "Oo, ndi ameneyu? Sakuonekatu."

Tafika pamphambano. Kumtunda utsi ukufuka, mipando ayala pabwalo, Tamanda waima m'mbali mwa njira ndi mwamuna wake, wavala chitenje chatsopano ngati akulandira nduna. Ndakhotera kumunsi. Liwiro! Amayi kumbuyo: "Iwe! Njira si imeneyo!" Ndachita ngati makutu ndasiya kunyumba.

Chiperoni chadzulo chija chasandutsa kanjirako matope okhaokha. Chimene ndinachithokoza ndekha.

Phazi lamanja, phwa! mpaka m'kakolo. Ndikuti ndilizule, lamanzere lalowa mpaka m'katumba. Nkhuku yaona mpata, yandimenya mapiko kumaso, luzi laduka, iyo ulendo m'bango. Ine khu! maondo onse awiri m'matope, manja pansi, mutu chozyolika. Ndikudzutsa maso, Tamanda watsetsereka chothamanga, waima patsogolo panga penipeni.

Ndagwada. Pamaso pa Tamanda. Pamaso pa mpingo wonse.

Nthungululu! Mpaka phiri kuyankha. A Nabanda akulira: "Mpaka m'matope, mwana wodzichepetsa!" Amayi manja ali kumwamba. Amalume avula chipewa: "Mawu anga onse aja atha ntchito. Mwanayu walankhula ndi maondo."

Koma buku iwe, imva ichi. Pakati pa phokoso lonselo Tamanda wawerama, wandigwira mkono, n'kunena kuti, "Pepani, asuweni! Iii, pepani, pepani!"

Wanena. Ndamva ndi makutu angawa.

Ndikudziwa, ndikudziwa. Munthu ukagwa aliyense amati pepani, ngakhale wongodutsa m'njira, ngakhale amene sanakukankhe. Koma pakamwa panga ine sipanatuluke kanthu kupatula matope. Woyamba kutchula mawuwo ndi iyeyo.

Andizula anthu angapo. Nsapato zatsalira pansi. Mwamuna wake wathamangira kunyumba, wabwera ndi khasu, wayamba kuzifukula. Ndi KHASU. Yoyamba yatuluka ili bii, yozungulira matope, waiponya pambali ngati pamzere wokolola. Tamanda wayang'ana nsapato, wayang'ana khasu, wayang'ana ine. Milomo yake ikunjenjemera. Ndamuuza ndi maso kuti yerekeza. Mawu a mbatatesi aja wawameza.

Wanditengera kubafa. Madzi otentha, sopo wonunkhira, chitenje chake, mapatapata ake. Nsapato wati azichapa yekha. Tadya mpunga ndi nkhuku, osati yathu, yathu ili m'bango. Amalume alankhulabe mawu awo aja poti anakonza kale. Lero agogo awoloka mitsinje yonse. Apongozi ake a Tamanda andipatsa chiwindi, ati mtsikana wotere ndi wosowa masiku ano, ndipo ali ndi mphwawo wosakwatira ku Linthipe. Ndatsamwa.

Pobwerera tatenga mbali yotsalayo kuti timalize kuzungulira. Tamanda wati atiperekeze pang'ono. Woperekeza amafika pamtengo wakutiwakuti n'kutsanzika. Iye wafika pa mlatho wa mitengo, sanabwerere. Wafika potulukira madzi, sanabwerere. Gulu latsogola ndi nyimbo zake, tatsalira awiri. Mapatapata okha, pha, pha, pha.

Kenako iye, maso ali kumadzi: "Kunotu kulibe wocheza naye. Ng'ombe basi." Ine ndikungoyenda. "Alamu anga aja sitilankhulana. Inu simunaone poti munali kumapoto. Anandiponda velo polowa m'holo, ndinalowa mutu uli chagada ngati ndikumwa mankhwala."

Ndaseka. Mwangozi! Kwangotuluka ngati kuyetsemula, ndipo kwakana kusiya, mpaka ndakhala pa chitsa. Chaka chathunthu palibe anandiuza nkhani yokoma chonchi!

Nditapuma ndamufunsa. Pepani uja anali wa matope kapena wa ukwati? Iye: "Nanga kugwada kuja kunali kwa matope kapena kwa ine?"

Ndadzuka pa chitsa, tapitiriza ulendo.

Watiperekeza mpaka pakhomo pathu. Munthu amene anakana kuti ndimuperekeze! Ndikuti ndikhale pansi, amayi: "Mlendo sabwerera yekha, kamuperekeze." Ndamufikitsa pa mapaini. Iye ati, "Ndikubwezeniko pang'ono." Tikanaperekezana mpaka nkhuku kulowa, achemwali akanapanda kukuwa kuti zakwana.

Lamulungu

Miyendo ngati ndabwereka.

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Andinyamutsa, andipititsa kutsogolo. Ulaliki wonse unali wa maondo anga. Ati matope anafika m'chiuno. Pofika potuluka anali atafika m'khosi.

Mudzi wonse ukuti ndinagwada. Ine ndikuti iye anati pepani. Ndauza achemwali, ati, "Kalembe m'buku lako lija, ndi lokhalo likhulupirire." Ndalemba.

Zimene ndapeza pa haikingi: chithunzi cha mlomo wa nkhuku, mabala m'maondo, mbiri ya munthu wofatsa imene sindikudziwa kuti ndiisunga bwanji, ndi mwamuna wa ku Linthipe amene ndiyenera kumuthawa. Buluku lapezeka, linali m'thumba la ufa wa mgaiwa.

Masana nkhuku yakuda yatulukira. Yokha! Yachokera mbali inayo, kutanthauza kuti yamaliza damu lonse. Miyendo yoyera, khosi italiwongola, yadutsa pakati pa bwalo osayang'ana munthu, moni ayi. Pa tonsefe ndi yokhayo yayenda ulendo umene ndinakonza.

Kumadzulo akazi a amalume abwera ndi uthenga wina wochokera tsidya: "Nsapato zauma, zayeranso. Adzatenge okha, abweretse mapatapata anga. Adzere njira yakumtunda, kumunsiko mbatatesi tinakumba kale."

Wanena. Anangosunga tsiku limodzi.

Sindinamukhululukire. Aliyense adziwe zimenezo. Koma nsapato ndi zanga, ndipo mapatapata a eni ake ali apa pakhomo akundiyang'ana. Ndipita ndekha, opanda jekete, opanda nyimbo. Ndikangotenga nsapato n'kumva bwinobwino nkhani ya velo ija, poti dzulo ndinaseka msanga, mathero ake sindinawamve.

Mandasi ndigula panjira. Iye amakonda opsa kwambiri aja.